Chithunzi cha M'mutu mwa Hajara

Berea, Joni
14 Febuluwale 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Binali ndi amayi. Ine kuno ndilipo, chifuwa chija chinasiya chokha.

Mwana wafika Lachinayi masana. Dalaivala uja Che Asumani anamutsitsa pa depoti ya malole, ndipo ndinamuyang'ana kawiri ndisanamuzindikire. Ine ndinasiya kamwana kogweluka mano akutsogolo, lero ndalandira namwali wondifika m'phewa. Ndi iyeyo amene anayamba kundidziwa. Anagwada pa simenti pomwepo kundipatsa moni, madalaivala a Chizulu n'kumaseka kuti mwana wa makwerekwere, mmene amatitchulira obwerafe, akupembedza bambo ake. Ndinangomulandira chikwama.

Akuti msewu wa ku Tete tsopano uli bata. Anasanza kamodzi, koma Che Asumani akuti linali fungo la dizilo. Mutu sunamuwawenso ngati tsiku lija anagwa kusukulu. Komabe ndaona kuti ukamuitana amatembenuka thupi lonse, ngati akuopa khosi lake.

Za pogona musade nkhawa. Chipinda changa n'chaching'ono, choncho akugona kwa mayi Rozina, a ku Thyolo, amene timagawana nawo fulati. Amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Parktown. Ndi akhristu, koma nkhumba salowetsa muno. Poopsa ndi pakamwa pawo pokha. Tsiku loyamba lomwelo anamuuza mwana kuti bambo akowa anaphunzira mpaka ku Chancellor koma mpunga amaphika ngati phala la odwala. Hajara anaseka mpaka kugwira mutu, ine mtima uli m'mwamba.

Kalata ya dokotala wa ku Zomba ndaiwerenga kangapo. Chingerezi chake ndikuchimva, koma chimene akuopa sanachitchule. Wangolemba kuti m'madzi amene anapopa kumsana munali magazi, ndi kuti pakufunika makina oona m'kati mwa mutu, amene kwathuko kulibe. Ndapita nayo kuchipatala chachikulu, atipatsa tsiku kumapeto kwa mwezi uno. Bwana wa kusitolo ya nsalu wandilola kudzachoka tsikulo.

Muwauze achimwene anu Che Suwedi kuti mawu amene tinagwirizana ndikuwakumbuka. Anati mwana apite kukajambulidwa kokha, mpeni usamukhudze. Ndinavomera, ndipo sindisintha. Mwini mbumba ndi iwowo, ine mwanayu angondibwereka.

Ndapatsira Che Asumani bulangeti, nsapato za Binali ndi kangachepe ka sopo. Denga la khitchini mulikonze mvula isanaligwetse. Zija za nyali ndi tambala zimene Binali analemba m'munsi mwa kalata yanu, muuzeni asadzabwerezenso. Kalata imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo chimene chinandisiyitsa uphunzitsi inu mukuchidziwa.

Ndine wanu,
Tawakali


Berea, Joni
5 Malichi 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Ramazani ikukuyenderani bwanji? Amayi asadzikakamize kusala ngati miyendo ikutupabe. Kuno tili bwino. Hajara anafuna kusala nawo, ine ndinakana. Anandifunsa ngati ndine shehe kapena dokotala. Ndinati sindine aliyense mwa awiriwo, iye n'kuti ndiye mukulamula ngati ndani. Anadya ndithu, koma mobisa nkhope.

Kalata ino muiwerenge mutakhala pansi, kenako mupite nayo kwa alamu anga Che Suwedi.

Amujambula kawiri. Makina oyamba amawatcha sikani. Ndi chinthu choyera chachikulu, pakati pake pali bowo. Anamuvula mpango ndi ndolo, anamugoneka pa kabedi, anamumanga lamba pachipumi, kabedi n'kumalowa kokha m'bowomo. Ine ananditulutsa, ndinkaonera pa galasi. Sizipweteka. Zithunzi zimatuluka zambiri pa pepala limodzi lakuda, mutu utagawidwa ngati mmene mumadulira nkhaka. Pamenepo sanaone zambiri, akuti magazi a tsiku lija thupi linamwa kale.

Kachiwiri kanali kovutirapo. Analowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha mbedza mu mtsempha wa m'mphechepeche, n'kukayendetsa mpaka m'khosi, kenako anathiramo mankhwala oonetsa mitsempha. Panali kubaya, osati kucheka, alamu muwauze choncho. Mwana akuti anamva kutentha kuseri kwa diso ngati wina wathiramo tsabola.

Dokotala wake ndi mzimayi, wamng'ono kwa ine. Anapachika chithunzi pa nyali ya pakhoma. Mitsempha ya mwana wathu inaoneka ngati mizu ya mtengo, ndipo ndinadzipeza ndikuganiza kuti ndi yokongola, kenako ndinachita manyazi. Pa mphanda ina, kuseri kwa diso lamanzere, pali kanthu kotupa, kukula kwake ngati nandolo.

Mukudziwa chubu cha njinga chikafooka pamalo amodzi, chimatulutsa chotupa. Ndi zomwezo. Tsiku lija kusukulu chinadontha pang'ono n'kudzitseka chokha. Akuti kwa ana n'zosowa kwambiri, mwina anabadwa nacho. Palibe amene anamuchita chipongwe, ndiponso si mitolo ya nkhuni imene ankasenza, musadziimbe mlandu. Chikhoza kukhala chete zaka zambiri, chikhozanso kuphulika mawa. Mankhwala akumwa ochichotsa palibe. Njira ndi imodzi, kutsegula fupa la mutu n'kupana khosi la chotupacho ndi kachitsulo kakang'ono. Sanandibisire kuti opaleshoni ili ndi ngozi zake, ena sadzuka. Koma anati akanakhala mwana wake sakanazengereza.

Ananditulutsira pepala kuti ndisayine. Ndinati ndiyambe ndafunsa amalume ake a mwana. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi bambo ake si inu?" Ndinayesa kumulongosolera mmene zimakhalira kwathu, kuti mwana ndi wa kuchikazi. Ine amene ndinkaphunzitsa zimenezi m'kalasi, pamenepo ndinkadzimva ngati munthu amene akunama. Sanatsutse. Anabweza pepalalo m'faelo, n'kunena kuti ndisachedwe.

Kuseri kwa tsamba lino ndajambula mmene chilili, alamu aone. Muwauze kuti sindikuphwanya mawu, ndikupempha kuti awamasule okha. Ayankhe msanga, kaya pa lamya ya ku positi ofesi ya ku Ntaja, kaya kudzera kwa dalaivala aliyense wobwera kuno.

Mwana ndamuuza theka lokha. Mpunga mukakolola musagulitse msanga, mavenda adzakudyerani.

Wanu,
Tawakali


Berea, Joni
22 Malichi 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Moni kwa amayi ndi Binali. Ife tilipo. Mwana wanenepako pang'ono.

Pa lamya paja ndinakumvani mwapatalipatali, waya unkangolira. Ndinamva kuti alamu anawoloka nyanja ya Chiuta kupita ku Mozambiki kukaona minda ya makolo popeza nkhondo yatha, ndi kuti mwatuma munthu kukawafuna. Ndinamvanso pamene munati inu simungalamule achimwene kulibe. Sindikukudzudzulani. Nditaika lamya pansi ndinazindikira kuti ndinkafuna inu munene mawu amene ine ndikulephera kunena, ndipo sichinali chilungamo.

Ndimaganiza za Che Suwedi kwambiri masiku ano. Chaka chatha cha njala, matumba a chimanga anasenza ndi iwo. Tsiku limene mwana anagwa, anamubereka kumsana mpaka pamsewu ndi iwo, anagona pakhonde la chipatala ku Zomba ndi iwo. Ine ndinali kuno ndikuyeza nsalu. Ndiye lero ndidzuke ndinene kuti mutu wa mwanayu autsegule, pa mawu anga ndekha? Akapanda kudzuka ndidzawayang'ana bwanji? Che Asumani akuti ndisayerekeze. Akuti mwana akathera pa tebulo popanda mawu a eni ake, m'mudzimo sindidzapondamonso, ndipo amene adzasenze zonse ndi inu.

Mayi Rozina ndiye sakundipatsa mpata. Akuti ku Thyolo nakonso amalume aliko, koma amalume ali kutali samva mwana akubuula. Dzulo ndikusita malaya anandiima pakhomo n'kuti, "Aphunzitsi, mwanayu akafa mudzalembanso kalata yopempha chilolezo chomulira?" Malaya aja ndinawawotcha pakolala. Madzulo anandibweretsera mandasi omasulira ngati sipanachitike kanthu.

A kuchipatala anaimba kusitolo kufunsa. Ndinati adikireko pang'ono. Anamupatsa timapiritsi, ndipo anati asanyamule zolemera, asathamange, asakwiye. Lifiti ya nyumba yathu inafa kalekale, choncho satsika kawirikawiri. Amakhala pawindo kuonera matekisi. Ana a pamasitepe amuphunzitsa Chizulu, tsopano chilichonse akuti "eish". Mukadzamumva musadzati ndine.

Theka lija ndinamubisira analipeza yekha. Sindikudziwa ngati ndi mayi Rozina kapena nkhope yanga. Lachisanu tikudya daku, chakudya cha m'bandakucha, anandifunsa ngati adzamumete tsitsi lonse kapena mbali imodzi. Ndinati sitinafike pamenepo. Anati ngati ndi lonse, amumete mayi Rozina kunyumba konkuno, chifukwa manesi amameta ngati akusosa munda. Kenako anafunsa kuti amalume abwera liti kuchokera kutsidya. Ndinati posachedwa. Anati, "Amalume akayamba kucheza za minda satha, Ababa." Tinaseka tonse, koma chakudya sichinandilowenso.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina ndikanasayina ndikanalakwitsanso. Ku yunivesite anatiphunzitsa kuona mbali zonse za nkhani, koma chochita ukaziona sanatiuze.

Ndatenga nsalu yobiriwira kusitolo, mayi Rozina akumusokera diresi ya Idi. Chitenje chanu ndi kofiya ya Binali zikubwera ndi kalata ino. Idi yabwino. Munthu uja akangobwera nawo alamu, thamangani ku Ntaja tsiku lomwelo.

Wanu,
Tawakali


Joni
7 Epulo 1993

Amake Hajara,

Salamu. Ndikulemba nditaimirira, Che Asumani akunyamuka.

Hajara ali m'chipatala kuyambira Lolemba. Chija chaphulika. Ali moyo. Ndasayina, ndipo opaleshoni amuchita dzulo. Sanadzuke bwinobwino, akuti tidikire.

Alamu akafika muwauze kuti mawu aja ndawaphwanya ndine. Inu simunadziwe kanthu, ndipo munene choncho pamaso pa onse.

Amayi muwauze pang'onopang'ono. Chitani dua, mumupempherere. Ndidzalemba zonse ndikakhala pansi.

Tawakali


Berea, Joni
24 Epulo 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata yaifupi ija inafika, ndipo mwakhala bwanji nayo masiku onsewa sindikufuna n'kuganiza komwe. Ine thupi lili bwino. Mwana ali moyo, wadzuka, akundizindikira. Ndayamba ndi zimenezo kuti zotsalazi muziwerenge mukudziwa.

Unali m'mawa, ndikuvala nsapato kuti ndizipita kuntchito. Iye ankathira tiyi. Ndinamva kapu ikugwa, kenako anati, "Ababa, chabweranso." Sanakuwe. Anangokhala pansi n'kutsamira kabati, n'kusanza. Ndinamubereka kutsika masitepe onse aja. Mayi Rozina anatsogola opanda nsapato, anakaima pakati pa msewu mpaka galimoto ina inaima.

Anamulowetsanso mu sikani muja. Ulendo uno sipanafunike dokotala wondilongosolera. Mbali yamanzere ya chithunzi panali poyera ngati pamene patayikira mkaka, ndipo amenewo anali magazi. Nesi anabwera ndi pepala lomwe lija, nati, "Baba, sayina apa." Ndinasayina. Chimenechi ndiye chikundisowetsa mtendere, kuti chinthu chimene chinandikanika mwezi wathunthu chinali chophweka chotere.

Opaleshoni inatenga pafupifupi tsiku lonse. Kachitsulo kaja anakaika, ndipo kagwira. Masiku oyambirira ankaoneka kuti akubwerera, anandifinya chala ndi manja onse awiri. Kenako tsiku lina ndinapeza dzanja lamanja lili gone pa bulangeti ngati si lake. Anamujambulanso. Pafupi ndi pamene panali poyera paja tsopano pali pakuda. Akuti magazi akatayikira mu ubongo mitsempha yoyandikira imafinyika, ndipo mbali ina imasowa chakudya n'kufa. Ndi matenda aja ofa ziwalo amene tinkati ndi a nkhalamba.

Mmene alili lero ndi motere. Dzanja ndi mwendo wamanja sizikumumvera. Pakamwa papendama pang'ono. Zimene tikunena akumva zonse, maso ake amayankha, koma mawu sakutuluka. Amene atsala ndi "iyayi" okha. Ukamufunsa ngati akufuna madzi amati iyayi uku akutambasula dzanja. Akadzimva yekha amakwiya, n'kutembenukira kukhoma. Anamumeta mbali imodzi, moipa monga ananenera.

Dokotala akuti pamene pafa sipadzukanso, koma ubongo wa mwana umatha kulambula njira zina, kusiyana ndi wa munthu wamkulu. Sanalonjeze kuti zidzafika pati. Ndinamufunsa funso limene inunso mukulidziwa. Anayang'ana zithunzi zija, kenako anati palibe angadziwe, opaleshoni ya mu Malichi nayonso ikanatha kubweretsa zomwezi. Ndinaona kuti akundichitira chifundo. Ndinamuthokoza.

Za mumzinda muno mwamva pa wailesi. Chiphedwereni mkulu wa ndale uja kwakhala masiku opanda matekisi, masitolo otseka, utsi kumbali ya ku Alexandra. Kuchipatala ndimapita wapansi, ndipo ndikakumana ndi gulu sinditsegula pakamwa, kuti lilime lisandiulule. Za kuntchito ndidzakuuzani tsiku lina.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mukapanikizika gulitsani tonde uja. Kodi alamu abwera? Musandibisire zimene anena.

Wanu,
Tawakali


Berea, Joni
15 Meyi 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Moni kwa onse. Ndamva kuti amayi anadwala atamva nkhaniyi, apepese. Kuno kwayamba kuzizira, koma tilipo.

Makalata awiri afika tsiku limodzi, yanu ndi ya alamu. Ya alamuyo ndi ija munapatsira dalaivala wa ku Liwonde kumayambiriro kwa Epulo. Lole yake inafera m'njira ku Zimbabwe, kalata n'kumagona m'kabati ya kutsogolo. Ndiye kuti anailemba asanamve zimene zachitika. Sindikudziwa ngati anakuwerengerani, popeza ndaona kuti zilembo ndi za Binali. Mawu ake ndi awa:

"Alamu, ndafika dzulo, ndamva zonse. Mawu aja ndinanena tisanadziwe chimene chili m'mutu mwa mwana. Inu mwaona ndi maso, ine sindinaone. Ngati chithunzi chanena mpeni, ndiye mpeni. Pa zoterezi simudikira munthu amene ali kutchire. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani mutachita kale."

Ndinaiwerengera pamasitepe, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka ana anayamba kundilambalala. Masabata onsewa ndakhala ndikukonzekera mkwiyo wawo. Ndinali ndi mawu okayankha pa mlandu, ndinawasanja bwinobwino. Pa izi ndilibe mawu. Che Suwedi amene ndinkawaopa aja ndinawaumba ndekha m'mutu mwanga muno. Zaka zonsezi ndili kuno, nawonso sindikuwadziwanso.

Mayi Rozina anandipeza pamenepo, ndinawapatsa kuti awerenge. Ndinkadikira kuti andinyoze. Anangoipinda n'kundibwezera, nati, "Mwana musamuwerengere." Kenako anandikalipira kuti ndakhalira simenti yozizira.

Alamu muwathokoze. Ndawalembera kalata yawoyawo, ndi yaifupi.

Hajara amukhazika pa mpando tsopano. Kuli atsikana awiri amene amamuphunzitsa, wina za miyendo, wina za kulankhula. Mawu abwera ena, "madzi", "basi", ndi "eish". Vuto linali kudya. Ankakana kugwira chakudya ndi dzanja lamanzere, popeza munamulera bwino. Ndikamuikira supuni m'dzanjamo ankaiponya pansi, kulolera njala. Ndinakafotokoza kumzikiti. Che Sidi, mkulu wa ku Mangochi amene amatitsogolera mapemphero a swala, anabwera Lamlungu ndi nthochi. Sanalalikire. Anamuuza kuti Allah amene wagoneka dzanja lamanjalo akudziwa kuti mwana ayenera kudya. Kenako anaika dzanja lawo lamanja m'thumba, n'kuyamba kulimbana ndi nthochi ndi lamanzere, mpaka inawagwera pa mkanjo. Mwana anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Tsikulo anadya yekha.

Mwalemba kuti ndimutumize kunyumba mudzamusamale nokha. Ndakumvani. Ndilankhula ndi dokotala.

Kusitolo pa desiki panga pakhala mphwake wa bwana. Ine ndikumathandiza kumtunda kosungira katundu, theka la tsiku. Sindidandaula, masana ndimapeza mpata wopita kwa mwana. Kangachepe kali m'kalata muno n'ka fizi ya Binali.

Wanu,
Tawakali


Berea, Joni
13 Juni 1993

Amake Hajara,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira amayi apezako bwino, ndipo Binali akulimbikira sukulu. Ife tadzuka bwino. Ndikudziwa kuti mawa kwanuko ndi tsiku lalikulu la voti. Sindinenapo kanthu, mupite m'mawa, mubwerere msanga.

Mwana watuluka m'chipatala, ali kuno kufulati. Asanatuluke anamujambulanso ndi mankhwala aja a m'mitsempha. Chotupa chija palibe. Pamalo pake pakuoneka kachitsulo, kakang'ono ngati ntchentche itatera pa nthambi. Akuti kadzakhala momwemo moyo wake wonse. Pakuda paja palipobe, sipanakule, sipanachepe.

Tsopano za kubwera kwake. Inu mukumufuna, amayi akumufuna, ndipo ndikumvetsa. Koma dokotala akuti miyezi ikubwerayi ndi imene dzanja ndi lilime zingaphunzirenso, ikadutsa zimauma momwemo. Ayenera kumapita kwa atsikana aja sabata iliyonse, ndipo ku Ntaja kulibe. Choncho chaka chino sabwera. Sindinafunse munthu. Alamu ndawalembera kuwadziwitsa, ndipo ngati ndalakwitsanso, kulakwako n'kwanga.

Mubwere ndinu. Che Asumani adzadutsa kumeneko pakati pa Julaye, avomera kukutengani. Za pasipoti akuthandizani mkazi wawo, amadziwa makomo ake ku Blantyre. Binali akakhale kwa amalume ake, mbuzi azidzaziona madzulo. Mutenge juzi ndi masokosi, kuzizira kwa kuno simunakuonepo. Mayi Rozina akuti mudzagona kwawo ndi mwana, ndipo akuti ali ndi nkhani zambiri za ine zoti akuuzeni. Mukhulupirire theka.

Ndikuuzeni zimene mudzapeze, kuti musadzadzidzimuke pakhomo. Waonda. Tsitsi likumera, koma chipsera chikuonekabe kuchokera pakhutu kufika pamwamba pa chipumi, ndipo sakonda kuti anthu azichiyang'ana. Amayenda ndi ndodo, mwendo wamanja amaukoka. Masitepe timatsika limodzi, iye kukhoma, ine kunja. Dzanja lamanja zala zayamba kugwedera, koma kugwira ayi. Nzeru zake zonse zilipo. Dzulo ndinathira mchere kawiri m'ndiwo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chancellor." Ndi mawu aatali kuposa onse amene wanena chidwalireni, ndipo mayi Rozina anakauza nyumba yonse.

Mukadzalowa musalire pakhomo. Amawerenga nkhope za anthu, akaona misozi amaganiza kuti pali zimene tamubisira. Mukalirire kubafa monga timachitira enafe. Popereka moni mupatseni dzanja lamanzere, ndipo mukhale mbali yake yamanzere.

Chomaliza n'chovuta, ine chimandikanikabe. Akayamba mawu n'kukakamira, musamumalizire, ngakhale mukudziwa chimene akufuna kunena. Milomo imanjenjemera, nkhope imachita thukuta, inu mumve ngati mukumuzunza. Musiyeni. Sabata yonseyi wakhala akuyeserera mawu akuti "amayi" ndi mayi Rozina, chitseko atatseka kuti ine ndisamve. Akufuna adzawanene yekha.

Ndine wanu,
Tawakali